Ndinakwecha Mapisitoni a Akamwini ndi Mchenga

Khosi langali lasenza, ine! Lasenza madzi, lasenza nkhuni, lasenza mbatatesi mpaka tsitsi la paliwombo linachoka osatsanzika. Ndikulemba izi m'kope la mdzukulu wanga, ndi zilembo zimene ndinatola ku sukulu yakwacha nditakula kale. Mzere uliwonse ndimayamba ndauimba, ukakoma m'kamwa ndiye ndimauika papepala. Ndinabadwa choncho. Koma nkhani iyi ndikaiimba msana umayamba kuwawa, pakuti msana ndiwo ukuikumbuka bwino kuposa mutu.

Kwathu ndi kumtunda kuno, cha ku Nsambe, koma mudzi wathu unakhala m'dzenje. Kuti ufike pamsewu wopita pa Neno, umawoloka kamtsinje, kenako chikweza chimakuimirira pamaso ngati khoma. Mbatatesi imabereka kuno, ee, imabereka osaipempha. Ntchito ndi kuitulutsa m'dzenjemo.

Matipate atangobwera ndinavina, sindibisa, ndinavina mpaka chitenje kumasuka. Makadi anatha, tinayamba kulankhula mokweza pamsika, ana anadzaza sukulu yaulere mpaka ena kuphunzirira pansi pa mitengo. Kuvina kutatha, sopo anakwera, feteleza anakwera, ndipo ku Blantyre anayamba kuchotsa anthu ntchito. Mmodzi mwa ochotsedwawo anali akamwini anga, amuna a mwana wanga wachiwiri. Ankakonza magalimoto m'galaja ina kumeneko. Anabwera kudzakhala kuchikamwini kuno ndi bokosi la masipanala ndi kapikapu kakale, koyera thupi lonse, chitseko chimodzi chobiriwira.

Ndinaimba nthungululu tsiku limenelo. Masiku amenewo munthu wa pikapu ankayendetsa matola popanda womuopseza, ndipo ogula mbatatesi ankafika pa Neno Loweruka lililonse. Ndinasisita khosi langa n'kuliuza kuti, puma mwanawe, puma, wakulandira wafika.

Sanafike. Ulendo woyamba tinapakira mbatatesi ya mbumba yonse. Kapikapu kanawoloka mtsinje bwinobwino, kanayamba chikweza monyada, kanafika pakati, kenako khu, khu, khu, ngati nkhalamba ya chifuwa. Kanaima. Kanayamba kubwerera chammbuyo pang'onopang'ono, amuna akuthamangira miyala, mpaka kanakakhazika matako mu ngalande. Tinatsitsa matumba onse. Tinapota nkhata. Tinasenza thumba limodzilimodzi kukwera chikweza chija, kapikapu n'kukwera kokha kopanda kanthu, ife n'kukapakiranso pamwamba. Nyengo yonse ya mbatatesi inatha choncho: tsitsa pamtsinje, senza, pakira pamwamba. Anthu anakapatsa dzina, ankakatcha Kabwerera. Amayi anzanga ankati, “Mwapeza galimoto yolemera, eti, ili ndi antchito ake, antchitowo ndinu.”

Akamwini sanayankhe munthu. Kapena anayankha, ine sindinamve, pakuti ine ndi iwo sitinkalankhulana. Si udani ayi, ndi ulemu wa kwathu. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala pamphasa imodzi. Tikakumana m'njira, mmodzi amapatukira m'tchire. Mawu anga opita kwa iwo ankadzera mwa mwana wanga, awo obwera kwa ine ankadzeranso momwemo. Mwana wanga anali mlatho, ndipo chaka chimenecho mlathowo unali ndi pakati.

Nthawi yososa itafika, anthu akunola makasu, akamwini anamanga chisakasa cha udzu pafupi ndi mtengo wa mapichesi, nakankhira kapikapu pansi pake, nayamba kukatumbula. Anatulutsa matumbo onse. Kenako anapita ku Blantyre, nakhalako masabata awiri. Pobwera anatsika chikweza chija wapansi, paphewa atasenza chitsulo chokhotakhota chokulunga m'chiguduli, akuyenda mosamala ngati anyamula wodwala.

Madzulo ake ndikusinja ndi mwana wanga ndinamufunsa.

“Kodi amuna akowa atola chiyani?”

“Akuti kilanki, amayi. Achotsa m'injini ina yaikulupo.”

“Ndiye tidya kilankiyo?”

Anaseka, naimika munsi. “Mvetserani, ndikuuzeni mmene andiuzira. Akuti m'mimba mwa injini muli mitondo inayi ndi minsi inayi. Minsiyo ndiyo mapisitoni. Chitsulo chokhotachi ndi mkono umene umakweza ndi kutsitsa minsiyo. Chakale chija chinali ndi mkono waufupi, chinkangodonthetsa munsi ngati kamtsikana kophunzira kusinja. Ichi mkono wake ndi wautali. Munsi uzichokera patali n'kufika patali, mtondo uzimeza zambiri, mphamvu ichuluke.”

Zimenezo ndinazimva msanga, pakuti ndasinja moyo wanga wonse. Wokweza munsi pamwamba ndiye amatsiriza mphale msanga.

“Chabwino. Aikemo mawa, mkuja agwire khasu.”

“Akuti sichilowa chomwecho. Mkono wautali umagunda m'mbali mwa mimba, ndipo minsi imakwera mopitirira n'kumenya chivundikiro. Afunika apale.”

“Apale chiyani?”

“Chitsulo.”

“Ndi chiyani?”

“Ndi tupa.”

Ndinaseka mpaka kutsamira mtondo. Ndikanadziwa ndikanasunga mpweyawo.

Kwe, kwe, kwe. Mvula yoyamba inagwa, kwe, kwe, kwe. Tinabzala chimanga, tinabzala mbatatesi, kwe, kwe, kwe. Udzu unamera, unakula, unabereka ana, kwe, kwe, kwe. Amuna anga anali atatisiya kale. Mwana wanga mimba inali ikukula, akapalira mizere itatu ankakhala pansi n'kumapuma ndi pakamwa. Mwana wanga wachitatu ndi mzime wanga, onse aamuna, anali kwa akazi awo, akulimira apongozi awo monga mwa lamulo. Ndiye munda wonse unatsalira ine. Ndinkapita tambala atangotsika, ndinkabwera dzuwa litapendeka, miyendo ili matope mpaka m'maondo, ndipo chondilonjera pakhomo chinali chomwecho: kwe, kwe, kwe.

Sindinganene kuti akamwini ankangokhala. Zala zawo zinatupa, zinang'ambika, ankazimanga ndi tinsanza. Tsiku lina mwana wanga anabwera kudzapempha dongo langa loumbira miphika. Ndinasuzumira pampanda kuti ndione ntchito yake. Ankaumba kamphumphu, n'kukaika pamutu pa munsi, n'kutseka chivundikiro cha injini, n'kumanga mabawuti onse, n'kuzunguza chitsulo chija ndi manja. Kenako n'kumasula zonse, n'kuyang'ana mmene dongo laphwathalalira, n'kulidula ndi lezala, n'kupukusa mutu, n'kutenganso tupa. Mwana wanga anati mitondo inayi ija siinali yofanana ndendende, ndiye munsi uliwonse unkapalidwa molingana ndi mtondo wakewake. Ntchito ya dongo yokhayo inadya mwezi wathunthu. Ndinamva, koma ndinamva ndi khutu lotopa, ndipo khutu lotopa limadontha.

Mvula itayamba kutha, achimwene anga anabwera. Ndiwo eni mbumba, amalume a ana anga, mawu awo ndi amene amamanga ndi kumasula maukwati pakhomo pathu. Anayamba adutsa m'munda, naona udzu umene unandipambana. Anabwera nakhala pachitsa, natiitana tonse. Ine ndinakhala kuseri kwa mpanda, pomvekera mawu.

“Akamwini,” anatero, “mkamwini ndi khasu. Bambo anga analima kuno, ine ndikulima kwa eni ake uko. Inu chaka chathunthu mwalima chitsulo. Chabereka?”

“Chatsala pang'ono, amalume.”

“Pang'ono ameneyo ndinamumva pa Khirisimasi. Mlongo wanga wapindika ngati chikwakwa. Mvetsetsani. Lolemba tiyamba kukumba. Loweruka ogula afika pa Neno. Kabwerera wanuyu akakwera chikweza ndi katundu yense, osatsitsa ngakhale thumba limodzi, ndidzakuvulirani chipewa. Akalephera, mutole zitsulo zanu muzipita kwanu. Mwana akabadwa tilera tokha, takhala tikulera.”

Mwana wanga analira mosatulutsa mawu. Ine ndinangoti chete. Ndiulule pano, pakuti pepala silinena kwa munthu: msana wanga unavomereza mawu a achimwene. Mtima unakana, msana unavomera, ndipo ndinagona ndi mkangano umenewo.

Lolemba m'mawa akamwini ananyamuka wapansi kupita pa Neno kukagula oyilo ndi kachikopa kena kotsekera chivundikiro. Mwana wanga anapita kusikelo ku Nsambe. Ine ndinakumba mbatatesi mpaka dzuwa kufika paliwombo, n'kubwera kudzamwa madzi. Pakhomo panali zii. Kwa nthawi yoyamba ndinalowa pansi pa chisakasa chija.

Chitsulo chokhota chinali chitagona kale m'mimba mwa injini, chofundidwa ndi shati lawo. Pamphasa panali minsi inayi ija, itandandalikidwa pamzere, uliwonse ndi mwendo wake wachitsulo. Yakuda, yonona mafuta, yomatirira dongo m'mbali. Ndipo pa uliwonse panali timadontho toyera. Ndinayang'ana m'mwamba, pamtanda pamene nkhuku zanga zinkakonda kutera, ndinati, ha, zitosi! Munthu wavutika chaka chonse, zala zang'ambika, akumuthamangitsa pamudzi, ndipo nkhuku zanga zikumuipitsira ntchito.

Chisoni chinandigwira. Ndinafuna kuwauza kuti, akamwini, dzulo ndinakhala chete koma sindikufuna muchoke. Nanga ndiwauze ndi pakamwa pati? Mpongozi alibe pakamwa, ali ndi manja. Akafuna kunena zabwino amapha nkhuku, amasiya nkhuni pakhomo, amatsuka chimene chada. Ndiye ndinatenga mchenga wa kumtsinje, phulusa, ndi chisononkho, ndinakhala pansi miyendo tambe, ndinayamba kukwecha monga ndimakwechera mapoto.

Ine sindigwira ntchito popanda nyimbo. Zinthuzo zinali zinayi, ana anga ndinabereka anayi, ndiye nyimbo inabwera yokha. Ndinayambira umene unali kumbali ya mtengo wa mapichesi. Unali ndi kachipsera pamutu, ndendende ngati cha mwana wanga wachisamba, amene anagwera pamwala ali wamng'ono. Ameneyo tinali titamuika m'manda chaka chapitacho, atabwera kuchokera kutauni ali mafupa okhaokha. Ndinaukwecha munsiwo mofatsa ngati ndikumusambitsa, misozi ikugwera muphulusa. Wachiwiri unali ndi bala lakuda limene linakana kuchoka, ndinati uyu ndi mwana wanga wamkazi, wakuda bii ngati bambo ake. Wachitatu unali wobenthuka pang'ono m'mphepete pamene tupa inaterereka, ndinati uyu ndi wagweru wanga amene mbuzi inamuchotsa dzino. Wotsiriza unali wopalidwa kwambiri pamutu, see, ndinati uyu ndi mzime wanga, amene anayenda asanamere tsitsi. Ndinaimba:

Wachisamba wanga wa chipsera,
khala uko kuli pichesi.
Wakuda bii, sopo akukana,
tsamira mkulu wako.
Wagweru usaseke, dzino lipita,
gwira chitenje cha mlongo wako.
Mzime wadazi, mzime wadazi,
tseka mzere, tibwerere kwathu.

Ndinaimba kambirimbiri. Ndinakwecha mpaka zitosi zonse zinachoka, ndipo zinali zitosi zouma zedi, zina ndinachita kukanda ndi mpeni. Ndinatsukuluza, ndinaika zonse m'lichero, ndinakaziyanika pathandala pakati pa mbale ndi zipande. Zinawala, abale, zinawala ngati zogula lero! Ndinabwerera kumunda ndikudumphadumpha ngati namwali.

Dzuwa litapendeka ndinawaona akutsika chikweza, akamwini patsogolo ndi chigubu cha oyilo, mwana wanga pambuyo, anali atakumana m'njira. Ndinathamangira kuseri kwa mpanda kuti ndione chimwemwe chawo pakamng'alu. Analowa m'chisakasa. Anaima. Anayang'ana mphasa yopanda kanthu. Anatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso anafika pathandala. Anaika chigubu pansi. Anapita, anatenga munsi umodzi, anauzunguza m'manja, anatenga wina, anauzunguza, anapisa chala m'kati n'kutikita zala ziwiri pafupi ndi khutu. Anavula chipewa. Anakhala pansi padothi pomwepo, miyendo tambe, ngati munthu wolandira uthenga wa maliro.

Sanakalipe. Akanakalipira yani? Anadziwa dzanja limene limakwecha choncho. Patapita nthawi anati kwa mkazi wawo, mawu ali pansipansi, “Ukawathokoze amayi. Atsuka bwino.”

Mwana wanga anazungulira mpanda mimba ili patsogolo, maso ali psu.

“Amayi! Mwatipha!”

“Ndachotsa zitosi, mwanawe.”

“Zitosi zake ziti? Inali penti! Dontho limodzi, mtondo woyamba. Madontho awiri, mtondo wachiwiri. Mwezi wathunthu wa dongo uja unali m'madontho amenewo! Tsopano adziwa bwanji uwu ndi wa pati? Akasokoneza, munsi umenya chivundikiro, injini isweka. Ndipo mchenga, amayi, mchenga! Akuti kambewu kamodzi kakatsala m'kati kamadya chitsulo ngati nankafumbwe.”

“Nanga satha kuyesanso ndi dongo? Ndili nalo lambiri.”

“Uwu apa, uwu apo, kumanga, kumasula, kumanga, kumasula? Loweruka ndi liti, amayi? Werengani zala zanu!”

Sindinawerenge. Ndinayang'ana manja angawa, oyera ndi phulusa, ndinalakalaka akanakhala a munthu wina.

Lachiwiri akamwini anakhala tsiku lonse ndi beseni la parafini ndi nthenga ya nkhuku, akulowetsa m'kabowo kalikonse, m'kamzere kalikonse, kutsuka zimene ine ndinatsuka. Zokandika anati apirira nazo. Koma mzere wa minsi unali utatayika. Mwana wanga anandiuza kuti anawapeza akupinda malaya awo n'kuika m'chikwama. Ine ndinapita kumunda. Ndinakumba, ndinatola, ndinaunjika. Amayi anzanga amene anabwera kudzathandiza anati, “Kodi lero wailesi yathu yatha mabatire?” Sindinaseke. Khasu linkalemera ngati ndamangirira mwala. Ndinkangoona mwana wanga akubereka popanda mwamuna pakhomo, chifukwa cha mchenga wanga.

Lachitatu m'mawa chimodzimodzi. Koma pakamwa pozolowera sipamva lamulo. Ndikukumba, ndikukumba, ndinangomva milomo yanga ikung'ung'udza yokha: wachisamba wanga wa chipsera, khala uko kuli pichesi. Ndinaima. Ndinaimbanso. Khasu linagwa lokha m'manja.

Mwana wanga ndinamupeza akusankha nyemba.

“Ndikudziwa mmene anakhalira.”

“Ndani?”

“Ana aja. Minsi ija. Ndinawatola mmodzimmodzi, ndikuwadziwa nkhope.”

“Amayi, musawonjezere.”

“Kawauze amuna ako.”

Anapita, anabwera. “Akuti mundiuze ine, ndikawauze.”

“Iwe sungasiyanitse chipsera ndi gweru pachitsulo. Ndiyenera ndigwire ndekha.”

Tinayang'anana. Kuyambira agogo anga sindinamvepo mpongozi atakhala m'chisakasa chimodzi ndi mkamwini. Koma ndinali nditaswa kale zazikulu. Ndinafunda chitenje kumutu, ndinalowa chammbuyo ngati Kabwerera yemwe, ndinakhala pansi msana utaloza kwa iwo, maso kumpanda. Ndinkamva kupuma kwawo. Ndinkamva fungo la parafini. Mwana wanga anakhala pakati pathu.

“Uwafunse amayi,” anatero akamwini, ali pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanawakhudza, “anayambira mbali iti.”

“Akuti munayambira mbali iti?”

“Ndamva, sindine gonthi. Uwauze ndinayambira ku pichesi.”

“Akuti ku pichesi.”

“Kumeneko ndiye kutsogolo kwa injini,” anatero akamwini.

Mwana wanga anandiikira lichero pamiyendo. Ndinapapasa, ndinapeza kachipsera, ndinaimba mzere wake, n'kupereka chammbuyo. Ndinapeza wakuda bii, ndinaimba, ndinapereka. Wagweru. Mzime wadazi. Nditafika pa mzime ndinamva akamwini akupuma mwamphamvu.

“Uwauze amayi, wa nambala folo ndi amene ndinapala kwambiri. Zimenezo ndikukumbuka. Mwina akunena zoona.”

“Mwina? Uwauze kuti mayi sasokoneza ana ake.”

Mwana wanga anaseka ali ndi misozi. Ndinamvanso kaphokoso kena kumbuyo kwanga, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena chifuwa cha parafini.

Sanangokhulupirira nyimbo, ndipo sindiwaimba mlandu. Analowetsa minsi yonse inayi monga ndinaimbira, naika dongo pamutu pa uliwonse, natseka, namanga, nazunguza. Zinatenga tsiku lonse. Atatsegula, mwana wanga anabwera kwa ine ndi timadongo tinayi pachikhatho, tophwathalala mofanana ngati zitumbuwa zoumbidwa ndi dzanja limodzi.

Lachinayi ndi Lachisanu iwo anamanga injini, ife tinakumba ndi kusoka matumba. Sindikumbuka kudya. Lachisanu dzuwa likulowa injini inalira, ndipo sanali mawu a Kabwerera amene tinkawadziwa. Kale kankalira ngati mbuzi. Tsopano kanabangula kuchokera pansi pamimba, nkhuku zonse n'kubalalika.

Loweruka achimwene anaimirira okha poyang'anira kupakira. Sanalole thumba ngakhale limodzi kutsala, anawonjezanso dengu la kabichi la akazi awo, nakwera pamwamba pa zonse ngati tambala. Mwana wanga anakhala kutsogolo ndi amuna ake. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni pathumba, nditayang'ana kumene tikuchokera. Pamiyendo panga panali nkhata. Ndinali nditaipota m'mawa mwakachetechete. Nyimbo ndinali nayo, koma chikweza chija ndinkachidziwa ndi khosi.

Tinawoloka mtsinje. Anthu anali atandanda m'mbali, ena atanyamula kale miyala yoika kumatayala. “Kabwerera! Tikudikira pangalande!” Mphuno ya kapikapu inaloza kumwamba, matumba anandikankha kumsana. Tinakwera. Tinakwera. Ndinaona ngalande ija ikubwera m'mbali mwanga, pomwe paja. Liwiro linachepa. Injini inatsitsa mawu, inatsitsanso, ndinamva thupi lonse la galimoto likunjenjemera, ndinagwira nkhata ndi manja awiri. Giya inalira. Kenako pansi panga ndinamva du, du, du, du, minsi inayi ikusinja mosalekeza, wachisamba, wakuda, wagweru, wadazi, wachisamba, wakuda, wagweru, wadazi. Ngalande inatsala. Inayamba kuchepa. Anthu a miyala aja anasanduka tiana, mtsinje unasanduka kaulusi.

Pamwamba tinaima, madzi akubwata kutsogolo, nthunzi ili tolo. Ndinafuna kuimba nthungululu koma panangotuluka kamawu ngati ka nkhuku yachitopa. Akamwini anatsika, natsegula boneti, naima atandifulatira, akulankhula ngati akuuza injini.

“Uwauze amayi, ana awo afika.”

Achimwene anatsika pamatumba pang'onopang'ono, akudzikuntha fumbi. Anazungulira galimoto kamodzi, namenya tayala ndi phazi. Chipewa sanavule, ndiwanamizirenji. Anangoti, “Akamwini, nyumba yanu ija ikudontha. Mwana asabadwire m'madzi. Mukadule mitengo kumunda kwanga kumtsinje.” Munthu amene akuchoka samuuza zofolera nyumba. Mwana wanga anagwira mimba yake, nagwetsa mutu pachitseko chobiriwira chija, nalira mokweza tsopano.

Ine ndinaponya nkhata kuphompho. Ndinafulumira. Mwezi usanathe ndinapota ina. Injini yamphamvu ija inkamwa petulo ngati anthu a pamaliro akumwa thobwa, ndipo petulo akasowa kapena akakwera, kapikapu kankagona, ife n'kusenza. Kawiri konse kanathyola chitsulo cha kumbuyo, pakuti mtima unali utakula koma miyendo inali yakale. Khasu akamwini sanaligwire, chaka chimenecho kapena china chilichonse. Ankakhala pamsewu kapena pansi pa galimoto, munda unakhalabe wanga mpaka msana unakana wokha. Sabata yotsatira ulendo uja anamanga mpanda kuzungulira chisakasa, naikapo chitseko ndi loko. Sindinafunse chifukwa.

Koma anakhala. Mwana anabadwa m'nyumba yosadontha, bambo ake ali panja akuyendayenda, ndipo mwanayo ndi amene wandipatsa kope lino. Akamwini alipo mpaka lero, imvi mbuu, tikakumana m'njira timapatukabe, ngakhale tonse awiri maondo sakulola kulowa m'tchire msanga.

Kapikapu kanayenda zaka zingapo, kenako kanafa imfa yeniyeni. Tsiku limene anakaphwasula, mwana wanga anabwera ndi kanthu kokulunga m'nsanza, nati, “Akuti uyu ndi wanu.” Ndinamasula. Unali munsi wa chipsera uja, wakuda ndi mwaye, wonona mafuta. Uli pawindo langa. Fumbi limaugwera, akangaude amaumangira nyumba, adzukulu amati, agogo, tikutsukireni? Ndimati usiyeni choncho.